Nambala ya galimoto yomwe sinawerengeke pa 60 fps: lipoti la dashcam ya vani ina mu Lusaka

Nkhani yomwe inatifikira

Kampani ina yaing'ono yoperekera katundu m'masitolo mu Lusaka ili ndi mavani angapo, ndipo vani iliyonse ili ndi dashcam (chojambulira msewu galimoto ikamayenda) ya makamera awiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo. M'mwezi wa Julayi, cha m'ma 7 koloko madzulo, imodzi mwa mavaniwo inali pa Great East Road kulowera ku Chelstone, itadutsa pa Munali koma isanafike pa Hybrid. Galimoto ina inaipitirira kudzanja lamanja, n'kukhotera kumanzere isanamalize kudutsa. Inathyola galasi la m'mbali, inaphwanya fenda yakutsogolo, ndipo sinaime. Palibe anavulala.

Mwini kampani anapita kupolisi ndi vidiyo pafoni. Apolisi ndi a inshuwalansi anafuna chinthu chimodzi, nambala ya galimoto yothawayo, koma pa vidiyopo pamalo a nambala panali chigamba choyera mbee. Bamboyo anatibweretsera kamera ndi khadi lake la memory ali ndi funso ili: "Ndinaiika pa 60 fps chifukwa anandiuza kuti ndiye imaonetsa bwino koposa. Nanga nambala ili kuti?"

Nambala ya fps imangonena kuchuluka kwa zithunzi zomwe kamera imatola pa sekondi imodzi. Sinena kanthu za momwe chithunzi chilichonse chidzaonekere. Pa kamera imeneyi, kusankha 60 kunachotsa zinthu zomwe zikanathandiza usiku umenewo, ndipo mwiniwake sanadziwe kuti wazitaya.

Zomwe zinali pa khadi

Vidiyo ya pafoni tinaisiya pambali. Dalaivala anaitenga ku kamera kudzera pa app, kenako anaitumiza kwa abwana ake pa WhatsApp ngati vidiyo wamba. WhatsApp imafinya vidiyo yotumizidwa motero, ndipo choyamba kutayika ndi tizinthu ting'onoting'ono monga zilembo. Fayilo yoti ikakhale umboni itumizidwe ngati document, kapena ikopedwe kuchokera pa khadi kupita pa kompyuta mwachindunji. Mwamwayi G-sensor, mbali ya kamera yomwe imamva kugunda, inali itatseka fayilo ya mphindi 3 momwe munali ngoziyo, choncho kamera sinaifufute polemba zatsopano.

Pulogalamu ya MediaInfo inaonetsa kuti fayilo yakutsogolo inali ya 1920 x 1080, 60 fps, yofinyidwa ndi njira ya H.264, bitrate yake (deta yolembedwa pa sekondi imodzi) pafupifupi 16 Mbps. Yakumbuyo inali 1080p (1920 x 1080) pa 30 fps, pafupifupi 10 Mbps. Mu menyu ya kamera munali njira ziwiri zojambulira kutsogolo: 2560 x 1440 (1440p) pa 30 fps, kapena 1920 x 1080 pa 60 fps. Mukasankha 60, mzere wa HDR (njira yoonetsa zowala ndi zamdima pamodzi) umazima ndipo sungayatsidwenso. Maikolofoni inali yozimitsidwa. Frequency inali pa 60 Hz, EV (setting yowalitsa kapena kudetsa chithunzi) pa 0, ndipo pa lenzi panali fyuluta ya CPL, yochepetsa kunyezimira.

Tinayamba taona ngati 60 imeneyo ndi yeniyeni. Makamera ena otchipa amatola zithunzi 30 n'kulemba chilichonse kawiri kuti fayilo izinena 60. Kuzindikira kwake n'kosavuta: tsegulani fayilo mu pulogalamu yoonera vidiyo ya VLC, iimitseni pomwe galimoto ikuyenda, kenako muzidina E, yomwe imasuntha chithunzi chimodzi. Ngati zinthu zikusuntha kamodzi pa kudina kuwiri kulikonse, ndiye kuti theka la zithunzizo ndi lobwereza. Pa kamera iyi chithunzi chilichonse chinali chosiyana ndi chinzake. Inali 60 yoona.

Kenako tinatulutsa zithunzi zonse za masekondi a ngoziyo ndi pulogalamu ya ffmpeg, chilichonse ngati fayilo ya PNG payokha. GPS ya pa vidiyo inaonetsa kuti vani inali pa 50 km/h. Poyerekeza ndi mizere ya pamsewu, galimoto inayo inali chapafupi ndi 80 km/h. Kusiyana kwake ndi 30 km/h, kapena mamita 8.3 pa sekondi. Nambala yakumbuyo inayamba kuoneka galimotoyo ili mamita pafupifupi 3 kutsogolo, ndipo itafika pa mamita 6 inali itachepa kale kwambiri moti ngakhale masana sikanawerengeka. Mamita atatu amenewo anatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi, zomwe zinapereka zithunzi pafupifupi 20. Pa 30 fps zikanakhala 10 kapena 11. Choncho 60 fps inachitadi ntchito yake, inapereka zithunzi zambiri. Pa zonse 20 panalibe ndi chimodzi chomwe chowerengeka.

Shutter ndi kuwala

Chomwe chimapangitsa chinthu choyenda kuoneka bwino kapena kupakika ndi nthawi yomwe sensa (mbali ya kamera yomwe imatola chithunzi) imakhala ikulandira kuwala kwa chithunzi chimodzi, ndiko kuti shutter. Kamera imadzisankhira yokha nthawi imeneyi malinga ndi kuwala komwe kulipo. Fps imangoika malire: pa 30 fps shutter singapitirire 1/30 ya sekondi, pa 60 fps singapitirire 1/60, chifukwa chithunzi chotsatira chimakhala chikudikira.

Masana dzuwa la Lusaka likuswa mtengo, kamera imatsika kufika pa 1/1000 kapena kufupikirapo. Pamenepo malire aja alibe ntchito. Chithunzi chimodzi cha 30 fps ndi chimodzi cha 60 fps zimatoledwa ndi shutter yofanana, ndipo mukaimitsa vidiyo simungadziwe kuti ichi ndi cha iti. Chomwe anthu amaona n'kunena kuti 60 ikuonetsa bwino ndi kusalala kwa kayendedwe vidiyo ikamasewera. Koma wapolisi kapena wa inshuwalansi sawerenga nambala vidiyo ikuyenda. Amaiimitsa.

Usiku kamera imatalikitsa shutter mpaka pamalire. Pamalo pomwe panachitikira ngoziyi nyali za mumsewu zinali zozima, ndiye kuwala kunali kwa malaiti a vani basi, ndipo kamera inali pa 1/60 kapena pafupi pamenepo. Galimoto yothawayo inkalowera kumanzere mwina pa mamita 1.5 pa sekondi. Mu 1/60 ya sekondi, nambala inasuntha masentimita 2.5 cham'mbali. Mzere umodzi wa chilembo cha pa nambala ndi wokhuthala pafupifupi sentimita imodzi. Chilembo chikasuntha kuposa kawiri kukhuthala kwa mzere wake, mipata ya mkati mwa 8, B, 6 ndi 0 imatsekeka ndipo zonse zimaoneka zofanana. Onjezanipo kuti galimotoyo inkatalikira masentimita 14 mu nthawi yomweyo, komanso kuti vani inagwedezeka itagundidwa.

Apa tinene chilungamo: pa 30 fps kupakikako kukanakhala kowirikiza, masentimita 5. Pa mfundo imeneyi yokha 60 inali bwinoko. Koma 2.5 ndi 5 zonse ndi zosawerengeka. Kuti nambala yoyenda motere iwerengeke pamafunika shutter ya 1/250 kapena yofupikirapo, pomwe kusunthako kumatsika kufika pa mamilimita 6. Palibe fps ya pa dashcam wamba yomwe imakakamiza shutter kufika pamenepo. Kusiya 30 n'kupita ku 60 poyembekezera kuti nambala ziziwerengeka usiku ndi kulipira mtengo waukulu pa phindu losafika pomwe mukufuna.

Mtengo wake ndi uwu. Shutter ikafupika ndi theka, kuwala kolowa mu sensa kumachepanso ndi theka. Kamera imabwezera pokweza gain, ndiko kukuza mwamagetsi kuwala kochepa komwe sensa yalandira, ndipo gain ikakwera m'chithunzi mumadzaza timadontho tothwanimathwanima, makamaka m'malo amdima. Kenako purosesa imayesa kufufuta timadonthoto, ndipo pofufuta imasalazanso m'mphepete mwa zinthu zenizeni. N'chifukwa chake pa vidiyoyi thupi la galimoto linkaoneka ngati lopakidwa utoto, losaonetsa dzina lake kapena mizere ya buti.

Fyuluta ya CPL inawonjezera vutoli. Ndi yabwino masana pochotsa chithunzi cha dashibodi chomwe chimaonekera pa galasi lakutsogolo, koma imadula kuwala kopitirira theka. Pa kamera yomwe inali kale ndi njala ya kuwala, imeneyo inali nkhonya yachiwiri.

Chigamba choyera chija

Kupakika sikunali kokha. Nambala za galimoto zimapangidwa kuti zizibweza kuwala komwe kwachokera. Malaiti a vani atamenya nambala ili pa mamita 3 mpaka 6, kuwalako kunabwerera molunjika ku galasi lakutsogolo komwe kuli kamera. Kamera inali itadzikonza kuti ione msewu wamdima, ndiye nambalayo inawala kupitirira zomwe sensa ingayeze. Ma pixel (tizigawo ting'onoting'ono ta sensa) a pamenepo anadzaza onse, kuwala kunasefukira pa zilembo zakuda, ndipo chotsala ndi choyera chokhachokha. Pixel ikadzaza palibe pulogalamu yomwe ingabweze zomwe zinali pamenepo.

Apa ndiye pomwe kutayika kwa HDR kunapweteka kwambiri. HDR ya pa sensa imatola chithunzi chilichonse kawiri, kamodzi ndi shutter yaitali kuti msewu uoneke, kenanso ndi shutter yaifupi kwambiri kuti zowala zisapse, kenako n'kuziphatikiza. Shutter yaifupiyo imathetsa mavuto awiri nthawi imodzi: nambala siyera mopitirira, komanso sipakika, popeza yatoledwa m'kanthawi kochepa. Koma kutola kawiri pa 30 fps ndi kuwerenga sensa ka 60 pa sekondi. Mukaiuza kamera kuti ikupatseni zithunzi 60 zosiyana, kuwerenga konse kuja kwatha ndipo palibe kotsala kochitira HDR. N'chifukwa chake makamera ambiri amakusankhitsani chimodzi. Masensa atsopano a Sony STARVIS 2, monga IMX675 ndi IMX678, amatchuka pa nkhani yowerenga nambala usiku chifukwa cha HDR yamtunduwu, ndipo pa makamera ambiri omwe ali nawo, HDR imayenda pa 30 fps.

Chenjezo limodzi: mawu oti WDR pa bokosi nthawi zambiri amatanthauza kuti purosesa imangokweza mdima ndi kutsitsa zowala pa chithunzi chimodzi chomwe chatoledwa kale. Zimenezo sizibweza nambala yopsa.

Bitrate ndi ma pixel

Bitrate ndi kuchuluka kwa deta yomwe kamera imalemba pa khadi pa sekondi imodzi, ndipo imagawidwa kwa zithunzi zonse za sekondiyo. Ndiwo zikakhala zomwezo koma odya achuluka, aliyense amalandira pang'ono. Pa 16 Mbps ndi zithunzi 60, chilichonse chimalandira pafupifupi 33 kB. Kamera yomweyi pa 1440p, 30 fps, bitrate yapamwamba, inalemba pafupifupi 24 Mbps, zomwe ndi 100 kB pa chithunzi.

Kuwerengera kumeneku n'kongoyerekeza, chifukwa H.264 sigawa mofanana. Imalemba chithunzi chathunthu mwa apo ndi apo, ndipo zapakati imangolemba zomwe zasintha. Pa 60 fps zithunzi zoyandikana zimafanana kwambiri, ndiye zimafinyika mosavuta, moti kutaya kwake sikufika theka lenileni. Koma zimenezi zimagwira ntchito chithunzi chikakhala chodekha. Timadontho ta gain timasintha pa chithunzi chilichonse, ndipo kamera imatiyesa zinthu zoyenda n'kuwonongerapo deta. Panthawi ya ngozi, pomwe chilichonse chikugwedezeka, deta imaperewera ndipo chithunzi chimasweka kukhala timabokosi. Pa zithunzi 20 zija, zingapo zoyambirira zinali zotero. Ndipo ndi zomwezo zomwe nambala inali pafupi kwambiri.

Vuto lomwelo limaoneka masana pamisewu ya mitengo yambiri ngati ya ku Kabulonga ndi Woodlands, kapena mvula ikamagwa ma wiper akuyenda. Masamba, mithunzi ndi madontho zimadya bitrate.

Za ma pixel zili chonchi. Pa lenzi yotambalala ya dashcam, nambala yaitali ya theka la mita ikakhala pa mamita 10 imatenga ma pixel 35 mpaka 50 m'lifupi pa 1080p. Pa mamita 5 imatenga 70 mpaka 100. Kuti zilembo zitatu ndi manambala ake zisiyanitsidwe bwino, ife timafuna ma pixel osachepera 80, zina zonse zili bwino. Pa 1440p m'lifupi muli ma pixel 2560 m'malo mwa 1920, kutanthauza kuti mtunda wowerengera umatalika ndi gawo limodzi mwa atatu. Pomwe 1080p imalekera pa mamita 6, 1440p imafika pa 8. Mamita awiri owonjezerawo ndi ofunika kuposa momwe akumvekera, chifukwa galimoto yopitirira ikamatalikira imakhala itawongoka, sikuyendanso cham'mbali, ndipo kupakika kumachepa.

Zomwe zinapezeka

Nambala yonse sinapezeke. Poika zithunzi zingapo pamodzi ndi kutsitsa kuwala, tinatha kunena mtundu wa galimoto, kuti ndi yoyera, kuti laiti limodzi lakumbuyo silinkayaka, ndiponso kuti pa galasi lakumbuyo panali chomata. Kamera yakumbuyo inaona galimotoyo ikubwera, koma malaiti ake anaphimba nambala yakutsogolo. Zimenezi ndi zomwe zinalembedwa n'kuperekedwa pamodzi ndi fayilo yoyambirira.

Mwini kampani anafunsa za mapulogalamu a pafoni omwe amati amayeretsa chithunzi. Tinamuletsa. Mapulogalamu amenewo akapeza chigamba chosaoneka amapeka zilembo zooneka ngati zenizeni, ndipo nambala yopekayo ikhoza kukhala ya munthu wosalakwa yemwe usiku umenewo anali kunyumba kwake.

Chopweteka mtima pa nkhaniyi n'chakuti dalaivala ananena kuti nambalayo anaiona ndi maso ake, koma pofika kupolisi ankangokumbukira chilembo choyamba. Maikolofoni ikanakhala yoyatsa, iye n'kuitchula mokweza, bwenzi nkhani yonse itatha usiku womwewo. Diso la munthu limatsatira chinthu choyenda, pomwe kamera yomatidwa pa galasi singatero.

Pomwe 60 fps ili ndi phindu

Sitikunena kuti 60 ndi yachabe. Ili ndi malo ake, ndipo malowo ndi masana pamsewu woti magalimoto amakumana maso ndi maso pa liwiro lalikulu, monga Great East Road mukapitirira Chongwe kulowera ku Luangwa. Inu muli pa 80 km/h, wobwera kutsogoloyo alinso pa 80. Mukuyandikirana pa 160 km/h, mamita 44 pa sekondi. Pa 30 fps mtunda wapakati panu umachepa ndi mita imodzi ndi theka pa chithunzi chilichonse. Ngati nambala imawerengeka kuyambira pa mamita 7 kufika pa 3 isanatuluke m'mbali, mwapeza zithunzi ziwiri kapena zitatu. Pa 60 fps ndi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Masana shutter ndi yaifupi kale, ndiye chilichonse mwa izo chikhoza kuwerengeka, ndipo chimodzi chikaphimbidwa ndi wiper kapena kunyezimira kwa dzuwa, pali zina.

Phindu lina ndi la kuyeza nthawi. Pa mkangano woti ndani anayamba kulowa pa roundabout ya Kafue kapena ya Kabwe, kapena woti buleki inapondedwa liti, 60 fps imadula sekondi m'magawo a 0.017 pomwe 30 imadula a 0.033. Pa milandu yambiri 30 imakwana. Chofunika n'kuonetsetsa kuti palibe zithunzi zodumphidwa, chifukwa khadi lotopa kapena kamera yotentha imataya zithunzi, ndipo liwiro lowerengedwa pa fayilo yotere limatuluka labodza.

Kutsika pansi pa 25 ndiye kolakwika. Makamera ena akumbuyo amajambula pa 15 fps, ndipo pa chitsanzo cha ku Chongwe chija mungapeze chithunzi chimodzi chokha. Parking mode (kujambula galimoto itaimikidwa) ya time-lapse pa 1 fps imasunga malo pa khadi, koma galimoto yobwerera m'mbuyo pa 10 km/h pamalo oimikapo magalimoto imayenda pafupifupi mamita 3 pakati pa zithunzi ziwiri. Mudzaona isanagunde ndi itagunda, koma osati kugundako. Ngati kamera ili ndi parking mode ya bitrate yotsika pa fps yabwinobwino, sankhani imeneyo.

Marobot ndi magetsi a 50 Hz

Nkhani iyi sinakhudze ngozi imeneyi, koma tinaikonza pa mavani onse chifukwa tsiku lina idzafunika. Magetsi a m'Zambia ndi a 50 Hz. Nyali zambiri za LED zolumikizidwa ku magetsi amenewa zimayaka ndi kuzima ka 100 pa sekondi, mofulumira moti diso silingaone. Kamera ya shutter yaifupi imaona.

Pa 25 fps, zithunzi zimatalikirana ndi 0.04 ya sekondi, komwe ndi kuthwanima kunayi ndendende. Chithunzi chilichonse chimagwera pamalo amodzimodzi a kuthwanimako. Chikagwera pomwe nyali yazima, roboti imaoneka yozima kwa masekondi angapo motsatizana, ndipo umboni woti munadutsa pa green wasowa. Ndi chimodzimodzi pa 50 fps. Pa 30 fps mpata wake ndi kuthwanima kutatu ndi kagawo, ndiye zithunzi zitatu zotsatizana zimagwera malo atatu osiyana. Roboti imaoneka ikuthwanima pa vidiyo, koma mtundu wake umadziwika. Kuno, 30 ndi 60 ndi zotetezeka pa nkhani imeneyi kuposa 25 ndi 50. Marobot oyendera batire ya solar satsata 50 Hz, ngakhale ena amathwanimabe pa liwiro lawolawo.

Setting ya Frequency ndi nkhani ina. Iikeni pa 50 Hz kuti usiku, pansi pa nyali za mumsewu kapena za pa filling station, pasaoneke mizere yakuda yoyenda pa chithunzi. Koma mukatero yang'anani fayilo mu MediaInfo, chifukwa makamera ena mukasankha 50 Hz kapena PAL amatsitsanso fps kukhala 25 osakuuzani. Kamera ya pa mavaniwa inakhalabe pa 30.

Magalimoto ambiri obwera kuchokera ku Japan amafika ndi kamera yomata kale, ndipo ena amadabwa kuona ikulemba 27.5 fps. Si vuto. Ku Japan kum'mawa, komwe kuli Tokyo, magetsi ndi a 50 Hz, pomwe kumadzulo, komwe kuli Osaka, ndi a 60 Hz. Opanga makamera kumeneko anasankha dala nambala yosagwirizana ndi iliyonse mwa ziwirizi kuti marobot asamasowe pa vidiyo. Kamera yotere isiyeni momwe ilili.

Zomwe zinasinthidwa

Mavani a kampaniyi amayenda m'tauni, m'mizere ya magalimoto, ndipo maulendo omaliza amatha kutada. Choncho kamera yakutsogolo inabwezedwa pa 1440p, 30 fps, HDR yoyatsa, bitrate pa mlingo wapamwamba. EV inatsitsidwa kufika pa -0.3 kuti nambala zisamapse msanga. Pa makamera opanda HDR timatsitsa mpaka -0.7, povomereza kuti m'mbali mwa msewu mudzaderako. CPL inachotsedwa, ndipo m'malo mwake pa dashibodi panayalidwa nsalu yakuda yosanyezimira. Maikolofoni inayatsidwa, madalaivala atauzidwa kuti yayatsidwa ndi chifukwa chake, ndipo anapemphedwa kuti chikachitika chilichonse azitchula nambala mokweza kawiri, kenako n'kudina batani lotsekera fayilo.

Kusintha kumeneku kunakhudza khadi. Poyamba makamera awiriwo ankalemba pamodzi 26 Mbps, pafupifupi 11.7 GB pa ola, ndipo khadi la 64 GB linkasunga maola asanu ndi pang'ono. Tsopano akulemba 34 Mbps, pafupifupi 15.3 GB pa ola, ndipo khadi lomwelo likanatha mu maola anayi. Vani yogwira ntchito tsiku lonse ikanafufuta za m'mawa dzuwa lisanalowe. Ndipo madandaulo ambiri, monga akuti katundu anawonongeka kapena kuti vani inakhula galimoto ya wina pamsika, amafika mochedwa G-sensor isanatseke kanthu. Anaika makhadi a 128 GB, omwe amasunga pafupifupi maola asanu ndi atatu. Akhale olembedwa High Endurance. Liwiro la khadi si nkhani yaikulu, popeza 34 Mbps ndi 4.25 MB pa sekondi pomwe khadi lolembedwa V30 limalonjeza 30 MB pa sekondi. Zovuta ndi makhadi achinyengo omwe amanena 128 GB ali ndi malo ochepa, ndi makhadi otha chifukwa cholembedwa tsiku ndi tsiku. Khadi latsopano liyesedwe ndi pulogalamu ya H2testw pa kompyuta lisanalowe mu kamera, ndipo lizifomatidwa mu kamera momwemo kamodzi pamwezi.

Pa vani imodzi kamera inali pa chogwirira chongoyamwa galasi, ndipo m'misewu ya fumbi ya m'makomboni inkanjenjemera. Kunjenjemera kumapaka chithunzi ngati momwe liwiro limachitira, ndipo fps singakuchotse. Inamatidwa ndi tepi ya 3M kuseri kwa galasi loonera kumbuyo, pamalo pomwe wiper imafika, pansi pa mzere wa tinti. Lenzi inaweramitsidwa kuti msewu utenge gawo lalikulu la chithunzi, thambo lichepe, chifukwa thambo likachuluka kamera imadetsa zonse zapansi. Galasi lipukutidwe mkati ndi kunja. Fumbi la Ogasiti ndi Seputembala likakhala pa galasi, malaiti a obwera kutsogolo amamwazika n'kuphimba theka la chithunzi.

Pali ndi kutentha. Kujambula pa 60 fps kumagwiritsa purosesa ntchito yambiri, ndipo mu Okutobala, galimoto itaima padzuwa magalasi otseka, kamera yotentha kale ikhoza kudumpha zithunzi kapena kuzima. Makamera a supercapacitor (chosungira magetsi cholowa m'malo mwa batire) amapirira kuposa a batire ya lithium.

Aliyense akhoza kuyesa kamera yake asanakhulupirire za pa bokosi kapena za mu lipoti lino. Imikani galimoto yanu pamsewu wopanda anthu ambiri usiku, malaiti ali oyatsa. Mnzanu adutse ndi galimoto yake kudzanja lamanja pa 30 km/h n'kulowa kutsogolo kwanu. Chitani zimenezo pa setting iliyonse yomwe kamera ili nayo, pamalo omwewo, kenako mubwerezenso masana. Kopani mafayilo pa kompyuta, osati pafoni, muwayende chithunzi chimodzichimodzi, ndipo muwerenge kuti ndi zingati zomwe munthu wosaidziwa nambalayo angaiwerenge yonse. Mukaidziwa kale, maso amadzaza okha zomwe palibe, ndiye woŵerengayo akhale wina.

Pa kamera ya mavaniwa, kuyesa kotere kunaonetsa kuti usiku 1080p pa 60 fps sinapereke nambala yowerengeka, pomwe 1440p pa 30 fps ndi HDR inapereka zithunzi zingapo zowerengeka galimoto itawongoka kutsogolo. Masana zonse ziwiri zinawerengeka. Vani imodzi yomwe imapita ku Chipata kawirikawiri, kunyamuka m'bandakucha n'kufika dzuwa lisanalowe, dalaivala wake anasonyezedwa momwe angasinthire kupita pa 60 fps akatuluka m'tauni kutacha, ndi kubwezera pa 30 ndi HDR ulendo ukachedwa mpaka madzulo.